Chulu cha Masiku Ano: Hashitagi ndi Zionetsero za Ndale

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala 2025 ndidakumana pamsika wa Chiringa ndi mnyamata amene ndidamphunzitsa zaka zapitazo. Iyeyu atalemba mayeso a Fomu 4 adapita ku Blantyre kukafuna ntchito, ndipo tsikulo adali atabwera kudzaona amayi ake kuno kwa Nazombe. Titapatsana moni, adatulutsa foni m'thumba nandionetsa chithunzi cha m'chaka cha 2019. Pachithunzipo iye adali pakati pa chinamtindi cha anthu mumsewu, atanyamula chikwangwani, ndipo pansi pa chithunzicho adalembapo mawu akuti #AnsahMustFall, kutanthauza kuti mayi Jane Ansah, amene panthawiyo adali wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho, atule pansi udindo.

"Aphunzitsi," adatero mnyamatayo, "masiku amenewo munthu ukatsegula foni unkaona ngati dziko lonse likulankhula mawu amodzi. Lero mayi omwe aja alumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo amayi anga ondibala ndi amodzi mwa amene adawavotera. Kodi tinkangodzinamiza?"

Zimene ankanenazo zidali zoona. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 a Peter Mutharika, amene adaima pamodzi ndi mayi Ansah, adapeza mavoti pafupifupi 57 mwa 100 alionse, ndipo awiriwa adalumbira pa 4 Okutobala ku Blantyre. Ndisanamuyankhe, galimoto ya matola imene ankadikira idafika, ndipo tidasiyana. Nkhani ino ndi yankho langa kwa iye, komanso kwa inu nonse amene mwangomaliza kumene sukulu, ndi kwa aphunzitsi anzanga amene mafunso otere amakupezani m'kalasi.

Kodi hashitagi nchiyani?

Poyamba tifotokoze chinthucho, pakuti si awerengi onse amene adachigwiritsapo ntchito. Hashitagi ndi mawu ochepa olembedwa mophatikiza, otsogozedwa ndi kachizindikiro ka mizere inayi yopingasana, iwiri yoimirira ndi iwiri yogona. Munthu akalemba uthenga pa masamba a mchezo monga Facebook kapena Twitter, imene mu 2023 idasintha dzina kukhala X, naikapo mawu oterewa, makina amasonkhanitsa uthenga wakewo pamodzi ndi mauthenga a ena onse amene alemba mawu omwewo. Motero anthu osadziwana, wina ku Karonga, wina ku Nsanje, wina ku Johannesburg, amapezana pa nkhani imodzi ngati kuti akhala pabwalo limodzi. Amene adayambitsa nzeruyi ndi Chris Messina wa ku America mu Ogasiti 2007, ndipo cholinga chake chidali chongothandiza anthu kupeza nkhani mosavuta. Za ndale zidabwera pambuyo.

Ife okulira kumudzi tikudziwa mthenga wa amfumu, amene madzulo anthu atadya amakwera pachulu nafuula kuti, "Tamverani, tamverani!" Hashitagi ndi chulu chotero, kungoti aliyense wokhala ndi foni angathe kukwerapo popanda kupempha chilolezo kwa amfumu. Apa ndiye pagona mphamvu yake, ndipo mavuto ake agonanso pomwepa.

Maiko ena adatitsogolera. Ku America mawu akuti #BlackLivesMatter adabadwa mu 2013 khoti litamasula munthu amene adapha mnyamata wakuda, Trayvon Martin. Ku South Africa ophunzira a pa yunivesite ya Cape Town adayamba #RhodesMustFall mu Malichi 2015, ndipo pa 9 Epulo chiboliboli cha Cecil Rhodes chidachotsedwa. Mu Okutobala chaka chomwecho #FeesMustFall idakakamiza boma la Jacob Zuma kulengeza kuti fizi ya m'mayunivesite sikwera mu 2016. Mawu aja akuti "must fall", amene achinyamata athu adatengera, adachokera kumeneko. Koma palinso chitsanzo cha ku Nigeria. Zigawenga za Boko Haram zitaba atsikana 276 pasukulu ya ku Chibok mu Epulo 2014, dziko lonse lapansi lidalemba #BringBackOurGirls, ngakhale mkazi wa mtsogoleri wa America, Michelle Obama, adajambulitsa atanyamula mawuwo. Patapita zaka khumi, atsikana oposa 80 adali asanapezeke. Kufuula pachulu kudamveka kutali, koma kulowa m'nkhalango kukatenga anawo idali ntchito ina.

Tidali ndi chulu foni isanabwere

Achinyamata ena amaganiza kuti kudzudzula boma kudayamba ndi intaneti. Ayi ndithu. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Chikatolika m'dziko lonse lino mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith, imene idanena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za kuchepa kwa masukulu ndi zipatala, ndiponso za anthu omangidwa popanda kuzengedwa mlandu. Makope 16,000 adasindikizidwa ku Balaka, mu Chingerezi, Chichewa ndi Chitumbuka. Boma la Dr. Kamuzu Banda lidalengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu, koma lidachedwa, pakuti mawu adali atalowa kale m'makutu mwa anthu. Pambuyo pake timakalata topanda dzina la wolemba tidayamba kuyenda m'maofesi kudzera pa makina a fakisi ndi makina ochulukitsira mapepala, ndipo ambiri ogwira ntchito m'maofesi adamangidwa poganiziridwa kuti ndiwo ankatifalitsa. A Chakufwa Chihana adagwidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo atangotsika ndege. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu oposa 63 mwa 100 alionse adasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, nasiya tambala wakuda. Chigawo cha kumwera, kuphatikizapo dera lathu lino limene panthawiyo lidali mbali ya boma la Mulanje, chidavotera nyali mwaunyinji.

Tionepo chinthu chimodzi pa kalata imeneyi. Idawerengedwa mokweza, m'chinenero cha anthu, pamalo pamene wophunzira ndi wosaphunzira amakhala pabenchi limodzi. Gogo wosadziwa kuwerenga adaimva tsiku limodzi ndi kalaliki wa ku Limbe. Mfundoyi tiisunge, pakuti tidzaifuna kutsogoloku.

Masamba a mchezo adalowa kwenikweni m'ndale zathu mu 2011. Mu Febuluwale chaka chimenecho mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, adaitanitsa mphunzitsi wa ku Chancellor College, Dr. Blessings Chinsinga, kukamfunsa za phunziro limene adatchulamo zifukwa zimene anthu a ku Tunisia ndi Egypt adaukira maboma awo. Aphunzitsi a pakolejipo adaleka kuphunzitsa kwa miyezi yambiri pofuna ufulu wa maphunziro. Ine ndidali wophunzira ku Zomba masiku amenewo, ndipo ndikukumbukira mmene tinkaunjikirana anthu asanu pa kafoni kamodzi kuwerenga za pa Facebook. Pa 20 Julaye mabungwe adachititsa zionetsero chifukwa cha kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka boma la a Bingu wa Mutharika. Bungwe la MACRA litaletsa mawailesi omwe si aboma kuulutsa zochitikazo pompopompo, anthu a m'mizinda adathamangira ku Facebook ndi Twitter, ndipo zithunzi za ovulala zidafika kunja kwa dziko tsiku lomwelo. Anthu 20 adaphedwa, pafupifupi theka la iwo ku Mzuzu. Kuyambira pamenepo olamula adadziwa kuti kutseka wailesi sikukwaniranso kubisa nkhani.

Chaka cha Tippex ndi madando

Chitsanzo chaching'ono koma chophunzitsa chidachitika mu Okutobala 2018, pamene achinyamata ena a mu Blantyre adayamba #GandhiMustFall pokana kuti chiboliboli cha Mahatma Gandhi chiimikidwe pa Ginnery Corner, ponena kuti Gandhi ali ku South Africa adalemba mawu onyoza anthu akuda. Adasonkhanitsa maina zikwi zingapo pa intaneti, koma sadalekere pomwepo: adapita ku khoti, ndipo khoti lidapereka chiletso. Chibolibolicho sichidaimikidwe pamalopo. Tsono chimene chidaimitsa amisiri chidali chikalata cha woweruza. Hashitagi idasonkhanitsa anthu oti akachipemphe.

Zomwezi zidaonekanso, koma mokulira, chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chitachitika. Bungwe loyendetsa zisankho lidalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti 38.6 mwa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 35.4, ndipo a Saulos Chilima 20.2. Zotsatira zisanalengezedwe nkomwe, zithunzi za mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi mankhwala oyera a Tippex zidali zitazungulira kale pa WhatsApp ndi Facebook. Amene ankajambula adali anthu wamba, oimira zipani m'malo oponyera voti, ena a iwo achinyamata a msinkhu wanu. Bungwelo lidalandira madandaulo 147, ndipo liwu lakuti "madando" lidasanduka nthabwala ya dziko lonse.

Kuyambira mu Juni gulu la omenyera ufulu wa anthu la HRDC, motsogozedwa ndi a Timothy Mtambo ndi a Gift Trapence, lidayamba kuitanitsa zionetsero zofuna kuti mayi Ansah atule udindo. Tsiku la zionetsero, malo okumanirana ndi msewu wodzera zinkalengezedwa pa masamba a mchezo, ndipo madzulo mavidiyo a khamu, a utsi wokhetsa misozi ndi a asilikali a nkhondo akuperekeza oyenda ankadzaza mafoni. Amalawi okhala ku South Africa, ku Britain ndi ku America ankatsatira ngati ali pompo. Nkhanga zidapangana kusanache, ndipo foni idathandiza kupanganako kuchitika msanga ndi motchipa kuposa kale lonse. Komabe si onse amene adali mbali imodzi: mu Julaye amayi ambiri adayenda mu Blantyre kuikira kumbuyo mayi Ansah, ponena kuti akunyozedwa chifukwa ndi munthu wamayi.

Zionetserozi zidapitirira miyezi yambiri, koma mayi Ansah sadatule udindo chifukwa cha izo. Nkhani idatha ku khoti. A Chilima ndi a Chakwera adakasuma, ndipo oweruza asanu, a Healey Potani, mayi Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo, adamva mboni kuyambira Ogasiti mpaka Disembala. Pa 3 Febuluwale 2020 adawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500, tsiku lonse mpaka usiku, nagamula kuti zolakwika zidali zochuluka kotero kuti chisankhocho chichitikenso, ndiponso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Khoti lalikulu la apilo lidavomereza chigamulocho pa 8 Meyi, ndipo mayi Ansah adatula udindo pa 21 Meyi 2020, patatha chaka chathunthu chichitikireni chisankho. Pa 23 Juni a Chakwera adapambana ndi mavoti oposa 58 mwa 100 alionse. Malawi adakhala dziko lachiwiri mu Africa, pambuyo pa Kenya mu 2017, kumene khoti lidafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko.

Kuno kwathu mlanduwu sitidautsatire pa Twitter. Tidaumva pawailesi, pakuti unkaulutsidwa tsiku ndi tsiku, womasulira akutembenuzira m'Chichewa. Ndidaona atelala pakhonde, okonza njinga ndi amayi ogulitsa nandolo atatchera khutu ku kawailesi, akutsutsana za mboni ngati adaphunzira malamulo. Nchifukwa chake sindidadabwe pamene mu Juni 2019 MACRA idaimitsa mapologalamu a pawailesi amene omvera amaimba foni nkupereka maganizo. Olamula ankadziwa bwino chulu chimene mudzi wonse umamva.

Amene sadali pachulu

Tsopano tifike pa funso la mnyamata uja. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti Malawi ali ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Boma la Phalombe lokha lidali ndi anthu pafupifupi 430,000. Kafukufuku wa ofesi ya boma yoona za chiwerengero mu 2019 adaonetsa kuti anthu ogwiritsa ntchito intaneti adali pafupifupi 15 mwa 100 alionse: m'mizinda pafupifupi 40, koma kumudzi osakwana 10. Kunena kwina, m'chaka chimene mnyamata wathu ankaona ngati dziko lonse likulankhula, anthu asanu ndi anayi mwa khumi alionse a kumudzi sadali pabwalopo nkomwe.

Zifukwa zake tikuzidziwa tonse. Foni yotha kulowa pa intaneti imadula kuposa matumba angapo a chimanga. Bandulo imatha msanga, ndipo kuyambira mu 2015 boma lidaikanso msonkho wa 10 mwa 100 pa mauthenga a pafoni ndi intaneti. Magetsi ali pamsika ndi m'nyumba zowerengeka, kotero kuti kutchaja foni nako nkolipira. M'midzi ina ya m'munsi mwa phiri la Michesi munthu amayenera kuyenda kufunafuna pamene netiweki ikugwira, ndipo kufupi ndi malire foni imakoka ya ku Mozambique. Pamwamba pa zonsezi pali chinenero. Pafupifupi mahashitagi onse amene tatchula ndi a Chingerezi. Mayi wolankhula Chichewa ndi Chilomwe, amene sukulu adalekera Sitandade 4, sangalowe m'mtsutso wotero ngakhale mutampatsa foni yaulere.

Palinso china chobisika. Makina a masamba a mchezo adapangidwa kuti azionetsa munthu zimene amakonda, pofuna kuti akhalitse pamenepo ndi kuona malonda. Ukakonda uthenga wodzudzula boma, mawa akupatsa ena khumi otero. Ukakonda woyamikira boma, chimodzimodzi. Pang'ono ndi pang'ono aliyense amazunguliridwa ndi ogwirizana naye okhaokha, nayamba kuganiza kuti wotsutsana naye ndi wopusa kapena wolipidwa. Mu 2019 ndidawerenga mawu owawa kwambiri onena za ife a ku Phalombe, Mulanje ndi Thyolo, ngati kuti aliyense wovotera chipani cha DPP ndi kadeti kapena mbuli. Ndidawerenganso ena a kwathu kuno akunyoza anthu a pakati ndi a kumpoto ndi mawu amene sangawanene pamaso pa apongozi awo. Mbali zonse ziwiri zinkafuula, koma panalibe wofunsa mnzake chifukwa chake.

Chikhalirecho zifukwa zidalipo. Pali amene amavota potsata mtundu, zimenezo sitingakane. Koma amayi a mnyamata uja, monga alimi anzawo ambiri, pofika 2025 ankawerengera mtengo wa thumba la feteleza, wa ndowa ya chimanga, wa shuga ndi sopo. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 mwa 100 mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu idakwera kwambiri, ndipo mafuta a galimoto adasowa kwa miyezi. Zimenezi zidakhudza dziko lonse, ndipo ambiri amene adayenda m'misewu mu 2019 adasintha voti yawo mu 2025. Mlimi alibe hashitagi, koma ali ndi chala choviika mu inki, ndipo tsiku la chisankho chala chake chimalemera chimodzimodzi ndi cha munthu wokhala ndi omtsatira zikwi makumi asanu.

Kandimverere adakanena za m'maluwa

Ife a ku Phalombe tili ndi chifukwa chapadera choopera uthenga wothamanga. Mu Sepitembala 2017 mphekesera ya anamapopa idabuka ku Mulanje ndi kuno, nifalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu adaleka kugona m'nyumba, anyamata adatseka misewu ndi miyala, ndipo mlendo aliyense wonyamula chikwama adasanduka mdani. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Anthu osachepera asanu ndi anayi adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, pamene achipatala sadapeze umboni wakuti pali amene adapopedwa magazi. Mphekesera yotere si yachilendo, idamvekaponso mu 2002 mafoni asanachuluke. Koma mu 2017 ndidaona ndi maso anga mmene uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, wosadziwika mwini wake, unkafikira kwa mnyamata mmodzi wa pamsika, ndipo pofika madzulo midzi itatu idali itaumva, aliyense akuwonjezapo zake. Ophunzira anga ena adajomba masabata angapo mayeso ali pafupi. Apa tiphunzirapo kuti ngakhale a kumudzi ambiri sali pa intaneti, za pa intaneti zimawafika, ndipo zimadzera mwa inu achinyamata okhala ndi mafoni.

Zionetsero za mu 2019 nazo zidali ndi mabala ake. Masitolo adathyoledwa, maofesi adatenthedwa. Mu Okutobala wapolisi adaphedwa ndi miyala ku Msundwe, ndipo pambuyo pake amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika adagwiriridwa ndi apolisi, monga khoti lidagamulira mu Ogasiti 2020 polamula kuti amayi 18 apatsidwe chipepeso. Pa masamba a mchezo aliyense ankalira maliro a mbali yake yokha. Wolemba mawu otentha ali m'chipinda ku Johannesburg kapena ku London sapsa nawo. Amene amapsa ndi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu.

Dziwaninso kuti pali lamulo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loona za mauthenga ndi malonda a pa intaneti, ndipo pansi pa maboma onse awiri anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba zawo: mu 2019 bambo wina chifukwa cha chithunzi cha pa Facebook chonyoza mkazi wa mtsogoleri wa dziko, ndipo mu 2022 namwino wina ku Ntcheu chifukwa cha mawu a pa WhatsApp onena za mtsogoleri wa dziko. Omenyera ufulu amadandaula kuti lamuloli limagwiritsidwa ntchito potseka anthu pakamwa, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Malamulo aakulu a dziko lino amapereka ufulu wolankhula ndi wochita zionetsero mwamtendere. Komabe wolemba aliyense adziwe kuti zimene walemba sizifufutika, ndipo amene adzakulembani ntchito angathe kudzaziwerenga. Anansi athu a ku Mozambique adaona zoposa pamenepa chisankho cha mu Okutobala 2024 chitachitika: a Venâncio Mondlane ankaitanitsa zionetsero kudzera pa Facebook ali kunja kwa dziko, intaneti ya m'mafoni idatsekedwa kangapo, anthu mazana adaphedwa, ndipo mu Disembala zikwi za anthu zidathawira ku Nsanje.

Pamene chulu chidathandiza

Ndisamveke ngati ndikuti titaye mafoni m'chimbudzi. Mu 2020 achinyamata adadandaula za kudula kwa intaneti pansi pa mawu akuti #DataMustFall, ndipo makampani a mafoni adatsitsako mitengo ina. Mu Januwale 2021, matenda a Covid-19 atafika poipa, mlembi wa nkhani zopeka a Onjezani Kenani adapempha Amalawi pa Facebook kuti asonkhe ndalama zogulira zipangizo za mpweya m'zipatala. Anthu adasonkha mwaunyinji, makamaka chifukwa ankauzidwa poyera ndalama zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Pa zitsanzo ziwirizi pempho lidali limodzi ndi lomveka, woyenera kuyankha ankadziwika, ndipo padali anthu odziwika maina ogwira ntchito foni itazimitsidwa.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adationetsa mbali zonse ziwiri. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa m'chigawo cha kumwera, ndipo akuluakulu kuno adakumbukira napolo wa mu Malichi 1991. Zithunzi za ku Chilobwe mu Blantyre zidazungulira dziko lapansi m'maola ochepa, ndipo thandizo lidayamba kusonkhedwa. Koma kuno milatho idakokoloka, magetsi adazima, mafoni adatha moto, ndipo madera monga Nkhulambe sankafikika ndi galimoto. Amene adavutika koposa ndiwo adachedwa kumveka. Mawu awo adatuluka pamene achinyamata ena adayenda pansi mitunda yaitali kukafika pamene pali netiweki, natumiza zithunzi ndi maina a midzi kwa abale a m'tauni ndi kwa atolankhani.

Yankho kwa mphwanga

Tsono mphwanga, sudadzinamize pa zimene unkadandaula. Oweruza asanu, ndipo kenaka khoti la apilo, adapeza kuti chisankho cha mu 2019 sichidayende bwino, ndipo lamulo lakuti wopambana apeze mavoti oposa theka, limene lidatuluka m'mlandu umenewo, ndi lomwe lidagwira ntchito mu 2025, ndipo wogonja adavomereza. Phindu limenelo ndi la Amalawi onse, a chipani chilichonse. Pamene udalakwitsa ndi poganiza kuti amene adali nawe pachulu ndiwo mudzi wonse, ndiponso kuti mawu ofuulidwa chaka chimodzi adzamanga anthu mpaka kale.

Kwa inu amene mwamaliza sukulu chaka chino, pempho langa ndi ili. Uthenga ukafika pafoni, musanautumize kwa wina funsani kuti walemba ndani, liti, ndipo apindula nawo ndani. Ngati wailesi kapena nyuzipepala yodziwika sidaunene, dikirani. Mukalowa m'gulu lodandaula za chinthu, funsani kuti dandaulolo likupita pa tebulo la yani. Ngati nkhani ndi ya mlatho wa kwanu kapena mankhwala a pachipatala chaching'ono, jambulani chithunzi, lembani tsiku ndi dzina la malo, ndipo chikalata chomwecho kachiperekeni ku komiti ya chitukuko ya m'dera, kwa khansala ndi kwa phungu, muli anthu angapo, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Lembani m'Chichewa, kuti amene mukuwalankhulira athe kukutsutsani ngati mwanena zosakhala. Ndipo nthawi ya kalembera wa chisankho ikafika, kalembetseni.

Kwa aphunzitsi anzanga, ophunzira athu adzakumana ndi zimenezi kaya tifune kaya tisafune. M'phunziro la Chichewa kapena la Chingerezi tingathe kutenga uthenga umodzi woyenda pa WhatsApp, nkuulemba pabolodi, nkufunsa kalasi kuti lisiyanitse chimene chili ndi umboni ndi chimene chili maganizo chabe. Pa mtsutso wa Lachisanu tingathe kupatsa wophunzira mbali imene iye sagwirizana nayo kuti aiteteze. Sitikufunika kuwauza chipani choti atsate, ndipo ntchito yathu siilola zimenezo.

Mnyamata uja ndidamlembera uthenga usiku womwewo. Ndidamuuza kuti akadzabweranso pa Khirisimasi, asadzafikire kuonetsa amayi ake zithunzi za mu 2019. Adzakhale nawo pamkeka, foni ili m'thumba, nawafunse kuti adavota motero chifukwa chiyani, ndipo adzamvetsere mpaka amalize. Akatero adzawafotokozere nayenso chimene chidampititsa mumsewu. Adandiyankha kuti adzayesa, nawonjeza kuti amayi akewo sadamfunsepo za zionetserozo, koma chaka chonse chija ankagona ndi wailesi pamutu, kumvetsera maina a ovulala.